Ndinadwala Mtima, Anayeza Mng'ono Wanga

Lachiwiri, 6 Meyi

Andigoneka dzulo masana. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya anthu osoketsa zovala, ndangolitembenuza n'kuyamba kulemba chakumapeto. Anamwino ndiwo andiuza kuti ndizilemba mankhwala ndi zonena za adokotala, poti akangotuluka ndimaiwala zonse. Manja anga sanazolowere kukhala chabe, ndiye bola cholembera.

Zinayamba ndili pa makina, ndikupinda siketi ya yunifolomu. Ndinamva ngati munthu wandikhalira pachifuwa. Nsagwada kuwawa, mkono wamanzere dzanzi, thukuta kamukamu, kenako nseru. Ndinati ndi chilungulira. Ndinamwa madzi n'kupitiriza kusoka mpaka siketi inatha. Mng'ono wanga ali ndi saluni khomo loyandikana ndi langa. Anabwera kudzabwereka sizasi, anandiyang'ana kamodzi kokha, osafunsa kanthu, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Mayi amene amamuluka anamusiya mutu mbali imodzi yoluka, mbali ina ili nyankhalala.

Bipi lero 172 pa 104. Andimata timawaya pachifuwa kujambula kagundidwe ka mtima, magazi atenga kawiri. Adokotala ndi mayi wamfupi wa magalasi, olankhula mosathamanga. Akuti mtsempha umodzi wodyetsa mtima watsala pang'ono kutsekeka, ndipo kachigawo ka mtima kavulala. "Mukanagona nazo kunyumba, bwenzi tikukamba zina," anatero.

Ndili ndi zaka 54. Mantha ndili nawo, koma sindinauze munthu.

Lachitatu, 7 Meyi

Kuno kumacha ndi chidebe cha okolopa. Kenako bipi, kenako mankhwala, kenako phala lopanda mchere ndi tiyi wopanda shuga.

Mankhwala anga: asipirini m'mawa, ndi lina lothandizana naye kuti magazi asaundane. Awiri a bipi, loyera ndi lapinki. La mafuta a m'magazi madzulo. Jakisoni pamimba kawiri pa tsiku, wasiya kale mabala akuda. Kapiritsi kakang'ono koika pansi pa lilime chifuwa chikayamba, koma ndiziyamba ndakhala pansi chifukwa kamachititsa chizungulire.

Pabedi la kumanja kwanga pali mayi amene anamwino amamutchula kuti Wailesi, ndipo dzinalo amalivomera yekha. Pakamwa sipatseka. Anali wophika pasukulu yogonera pompo. Miyendo yatupa ngati mitsamiro, amagona chokhala, atatsamira mapilo atatu, ndipo pakati pa mawu amaima kusaka mpweya, koma nkhani amaimalizabe. Wandiuza kale anamwino amene ali ndi dzanja lofewa pa jakisoni ndi amene ndiziwathawa. Akuti mtima wake unakula. "Anthu amati ndine wa mtima waukulu, mayi telala. Pano ndi adokotala omwe avomereza."

Masana kunabwera bambo a kunyumba. Amayendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo, ndipo mimba yawo inafika kale pachiwongolero. Anabwera ndi nkhuku yokazinga ndi tchipisi, mafuta akuonekera papepala. Anamwino anawaimitsa pakhomo.

"Bambo, zimenezi mwatengera ndani?"

"Odwala. Apeze mphamvu."

"Zimenezi ndi zomwe zawagoneka apa."

Anatuluka nazo mwaulemu. Atabweranso, milomo inali ikunyezimira. Anakhala pampando n'kundigwira phazi pamwamba pa bulangete. Si anthu a mawu ambiri akachita mantha.

Mng'ono wanga wabweretsa nthochi, mapapaya, thaulo ndi zovala zochapa. Wandisambitsa, wasintha pilo, wakalipira bambo chifukwa choiwala mswachi. Iye ndi choncho. Woonda ngati singano, sakhala pansi, ndipo banja lonse limayenda ndi iye.

Lachinayi, 8 Meyi

Tsiku loipa. Ndinadzuka kuti ndipite kuchimbudzi, maso anachita mdima, ndinapezeka ndili pansi. Wailesi ndiye anakuwa. Bipi inatsika kwambiri, 94 pa 60. Lapinki alidula pakati.

Sindinadye. Ndisiyire pomwepa.

Lachisanu, 9 Meyi

Bipi 138 pa 86. Ndadya.

M'mawa anandikankha panjinga ya odwala kupita ku sikani. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo ndinauona mtima wanga pagalasi, ukutseka n'kutsekula ngati kamwa ya nsomba. Mbali imodzi ikuchita ulesi. Adokotala akuti ikhoza kubwererako pang'ono ndikamamwa mankhwala ndi kuyenda.

Kenako anakoka mpando n'kukhala, zimene sachita kawirikawiri. Anafunsa za ntchito yanga. Ndinati ndimakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo chigulireni makina a magetsi ngakhale phazi linasiya kupalasa. Anafunsa za kwathu. Ndinawauza kuti amayi anafa ziwalo mbali imodzi asanakwane zaka 60, anagona zaka zitatu, ndipo amene anawasamalira ndi mng'ono wangayu. Mchimwene wathu wamkulu anamwalira ali ndi zaka 49, atakhala pampando akumvera mpira. Tinkangoti inali nthawi yake.

"Anayezetsapo bipi?"

"Sindikudziwa. Kwathu munthu amapita kuchipatala akadwala."

Anatulutsa tchati cha timabokosi ta mitundumitundu, tobiriwira, tachikasu, ta lalanje ndi tofiira. Akuti amatenga zaka za munthu, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, kaya amasuta, kaya ali ndi shuga, bipi yake ndi mafuta a m'magazi, ndiye chala chimakagwera pakabokosi kena. Kabokosiko kamaonetsa ngati munthuyo ali pafupi kapena patali ndi kudwala mtima kapena kufa ziwalo m'zaka khumi zikubwerazi. Ndinafunsa kuti ine ndili pati.

"Inu tchatichi mwachidutsa kale, mayi. Ichi n'cha amene sanagwe. Akunyumba kwanu abwere Lolemba kuchipinda cha pansi, asanadye kanthu."

Nthawi yomweyo ndinaganiza za mimba ya bambo.

Madzulo kunabwera mayi wamtali wa imvi, wa nsapato zoyera, amene amaphunzitsa odwala kuyenda ndi kulimbitsa thupi. Wodi yonse imawatchula kuti aTiyeni, poti ndi mawu awo oyamba ndi omaliza. Ndimaganiza kuti wodwala mtima amayenera kugona phee. Iwo akuti bedi ndi la masiku oyamba okha, kupitirira apo limayamba kukudya. Anandikhazika m'mphepete mwa bedi, kupukusa mapazi, kuimirira, kuyenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Miyendo inali ngati ya munthu wina. Pobwerera Wailesi anandiombera m'manja.

Loweruka, 10 Meyi

Bipi 134 pa 84. Jakisoni wa pamimba asiya. Ndayenda mpaka pazenera la kumapeto kwa khonde, m'mawa ndi madzulo.

Ndawauza bambo za Lolemba. Anayamba kuyang'ana kudenga.

"Ine sindikumva paliponse kuwawa."

"Inenso sindimamva kuwawa mpaka Lolemba lapitali."

"Ukapita kwa anthu amenewa uli bwinobwino, amakupezera matenda. Ndiye buledi agawa ndani?"

Ndinakwiya, mtima unayamba kuthamanga, ndipo anamwino anandiyang'ana ndi diso. Mng'ono wanga anali akusenda lalanje. Iye ndi alamu akewa amanyozana kuyambira tsiku la ukwati wanga.

"Alamu, nenani zoona. Mukuopa singano."

"Ine? Singano?"

"Bambo wamkulu ngati inu, mimba ngati thumba la ufa, kuopa kasingano. Chabwino, ndipita nanu. Ndiyamba ine kuyezetsa, inu muzionerera. Mukakomoka ndikutolani."

"Undinyamula ndi timikono timeneto?"

"Ndibwereka wilibala."

Wodi yonse inaseka, Wailesi mpaka kutsokomola. Bambo anavomera kuti asachite manyazi pamaso pa azimayi. Atatuluka ndinamugwira dzanja mng'ono wanga kumuthokoza. Anangoti, "Achemwali, amuna sumawapempha, umawanyoza."

Lamulungu, 11 Meyi

Adokotala kulibe lero. Wodi yadzaza alendo ndi fungo la zakudya zawo. Kwa Wailesi sikunabwere munthu. Mwana wake wamkazi amakhala kutali, amangoimba foni.

Mng'ono wanga anaona zimenezo. Atamaliza za ine, anatenga beseni n'kumutsuka tsitsi Wailesi, kulipukuta, n'kuyamba kumuluka mizere. Zala zake zikamaluka sizioneka. Anapezana kuti anabadwa chaka chimodzi, onse ali ndi zaka 50, ndiye anayamba kutchulana kuti mnzanga.

Wailesi anafotokoza m'mene zinayambira. Anamupeza ndi bipi zaka zambiri zapitazo, anamupatsa mapiritsi, anamwa miyezi ingapo. "Mutu unasiya kuwawa, ndiye ndinati ndachira. Ndani amamwa mankhwala ali bwino? Botolo ndinaliika pawindo la kukhitchini mpaka linachita fumbi. Bipi ija inangokhala chete, ikugwira ntchito yake. Pozindikira, ndikulephera kunyamula poto." Anazinena akuseka, ngati nkhani ya munthu wina.

Mng'ono wanga anati, "Pepa mnzanga," n'kupitiriza kuluka. Pomaliza mutu umodzi womwewo anali atamwa botolo langa lonse la madzi ndi chakumwa chotsekemera chimene anabwera nacho m'chikwama. Ndinamuseka kuti ali ndi ludzu la ngamila. Akuti m'wodi muno mukutentha.

Ndayenda khonde lonse ndekha, ndikugwira khoma. ATiyeni anandiphunzitsa muyezo wake: ndiziyenda liwiro loti ndikhoza kulankhula koma sindingathe kuimba. Ndikayamba kulephera kulankhula, ndathamanga. Chifuwa chikalemera, ndiime, ndikhale pansi, kapiritsi pansi pa lilime, ndiitane anthu.

Lolemba, 12 Meyi

Ndilemba zonse mwadongosolo, mwina mutu ukhazikika.

Anapita m'mawa onse awiri osadya. Ine ndinakhala pabedi ndikupempherera bambo. Chakumasana ndinamva mawu awo ali kukhonde, asanalowe n'komwe.

"Chikasu! Mayi, ndili pachikasu!"

Analowa akugwedeza kapepala ngati apambana mayeso, thonje lidakali pamkono. Bipi 142 pa 88, shuga alibe, mafuta a m'magazi akwera pang'ono. Fodya anasiya ana ali aang'ono, ndipo akuti zimenezo zawathandiza kwambiri. Awauza kuti achepetse mimba, mchere ndi zokazinga, aziyenda, abwerenso pakatha miyezi itatu. Anamwino anawakumbutsa kuti chikasu si chobiriwira. Iwo anati pamsewu chikasu amadutsa. Ndinaseka mpaka misozi, mtima unapepuka.

Kenako ndinafunsa, "Nanga mlamu wanu ali kuti?"

"Anamuuza kuti atsale, amuyezenso. Makina awo aja mwina anasokonezeka."

Anabwera patapita nthawi yaitali, adokotala anga ali pambuyo pake. Anakhala pampando, chikwama pamiyendo. Sindikumbuka tsiku limene ndinamuonapo atakhala pansi osagwira kanthu. Adokotala anamufunsa ngati alola kuti anene pamaso panga. Anangovomera ndi mutu.

Bipi 186 pa 112. Anayeza katatu, mikono yonse iwiri. Shuga wokwera kwambiri, ndipo akuti si wa lero, wakhala naye nthawi. Mafuta a m'magazi okwera kuposa anga. Patchati ali pa lalanje, koma poonjeza za amayi, za achimwene ndi za ine, adokotala akuti amutenga ngati ali pofiira. Ayambe mankhwala lero lomwe.

Bambo anati, "Koma adokotala, munthu woonda chonchi?"

"Kuonda si chitetezo, bambo. Ndipo kuonda kwinaku ndi shuga yemweyo."

Chaka chathachi ndamubwezera masiketi ake onse m'chiuno. Ndinkamuyamikira. Ndinkati ndipatseko thupi lakolo.

Mng'ono wanga anati, "Ine ndimaimirira tsiku lonse. Sindikhala pansi ngati achemwali."

Adokotala anayankha mofatsa kuti kuimirira malo amodzi kumatopetsa miyendo koma mtima sukuona ngati ntchito. Anati nkhani yabwino ndi yakuti wapezeka asanagwe, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Anamupatsa pepala lokatengera mankhwalawo.

Mng'ono wanga analipinda kanayi n'kuliponya m'chikwama. Anaimirira, anasonkhanitsa zovala zanga zakuda monga mwa masiku onse, n'kunena kuti ali ndi kasitomala akumudikira. Wailesi anamuitana, "Mnzanga!" Sanacheuke.

Bambo anabisa kapepala kawo kachikasu m'thumba.

Lachiwiri, 13 Meyi

Bipi 146 pa 90. Anamwino akuti ndikuganiza kwambiri.

Mng'ono wanga sanabwere. Foni ikuitana, sakuyankha. Bambo abweretsa zovala zimene wachapa ndi kusita, anazisiya pakhomo pathu m'mamawa osagogoda.

Ndine ndinayambitsa zoyezetsazi. Sindikudziwa ngati ndidandaule kapena ndithokoze.

Lachitatu, 14 Meyi

Sanabwerenso. Bambo anadutsira ku saluni. Akuti ili yotsekula, akuluka anthu, akuseka nawo. Atamufunsa za mankhwala anati, "Alamu, gawani buledi." Ulendo uno sanaseke aliyense.

Ndinawafunsa adokotala ngati sangamuimbire foni n'kumuopseza. Akuti munthu wamkulu sakakamizidwa, ndipo ambiri amathawa kaye asanabwerere. Koma sanabise kuti bipi yotero si yoti munthu aziyenda nayo masabata.

Lero aTiyeni ananditengera pamasitepe, poti kunyumba kwathu kuli chitunda ndipo akufuna aone ngati ndingakwere. Tinakwera pang'onopang'ono, iwo atandigwira pamkono, chala chawo pamtsempha. Titafika pokhotera ndinaima n'kuyamba kulira.

"Chifuwa?"

"Ayi."

"Mpweya?"

"Ayi. Mng'ono wanga."

Anandisiya ndilire. Kenako anakhala nane pasitepe, ndipo ndinawauza zonse. Anati kwa munthu ngati iyeyo, mankhwala ndi kuyenda zimagwira ntchito limodzi: kuyenda mwachangu theka la ola, masiku asanu pa sabata, kumatsitsa bipi ndi shuga ndipo kumalimbitsa mtima, koma ayambe bipi itatsika kaye ndi mankhwala. Anati inenso ndidzafika pa theka la olalo, kungoti ndiyambe ndi mphindi zochepa n'kumaonjezera sabata ndi sabata. "Ndipo woyenda yekha amasiya msanga. Mudzafuna mnzanu." Atatero anaimirira. "Tiyeni."

Madzulo adokotala anatseka makatani pabedi la Wailesi n'kulankhula naye nthawi yaitali. Makatani satseka mawu. Madzi a m'miyendo achepa momwe angathere, mtima sungabwererenso, apite kunyumba azikamwa mankhwala ndi kupuma. Mwana wake abwera mawa kudzamutenga. Makatani atatsegulidwa Wailesi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwamva zonse, musanamizire kugona." Kenako anakhala chete mpaka chakudya chinabwera. Wodi inachita kusowa mtendere ndi chete ameneyo.

Lachinayi, 15 Meyi

Bipi 132 pa 82. Akuti mawa nditha kutuluka.

M'mawa Wailesi anandipempha nambala ya mng'ono wanga. Anaimba pafoni yake, poti nambala yachilendo wa saluni sangaisiye, amayesa kasitomala. Anayankha nthawi yomweyo.

"Mnzanga, ndine. Usadule. Mizere ija yamasuka kumbuyoku chifukwa cha mapilo. Ndikutuluka masana ano, mwana wanga akubwera, ndiye andione ngati nkhuku yonyowa? Ntchito yako ndi yosalimba, bwera udzakonze."

Mizere inali bwinobwino. Atadula foni anayamba kuimasula yekha ndi zala zotupa zija, akupumira m'mwamba. Ndinatsika pabedi kukamuthandiza.

Mng'ono wanga anabwera dzuwa litakwera, chipeso chili m'manja. Ine anangondipatsa moni wa pakamwa, maso ali kumbali. Anaima kumbuyo kwa Wailesi n'kuyamba kuluka. Ndinayembekeza kuti Wailesi amulalikira, koma ayi. Anakamba za ana a sukulu amene ankaba shuga m'khitchini, za mphunzitsi wamkulu amene ankaopa mphemvu. Atatsala pang'ono kumaliza, anakankha bulangete n'kuonetsa miyendo.

"Mnzanga, undiveke masokosi. Sindifikako."

Mng'ono wanga anagwada. Masokosi anakana kulowa. Anayesa mwendo wina, anakananso. Pamene anagwira ndi chala panatsala dzenje losabwerera. Anakhala chogwada choncho, sokosi ili m'manja.

"Asiye," anatero Wailesi. "Ndipita wopanda. Koma iwe pepala lija usaliike pawindo."

Mwana wake anafika ndi njinga ya odwala. Wailesi anatsanzika bedi ndi bedi, anamwino onse, ndi okolopa omwe. Kwa ine anati ndidzamusokere diresi la manja aatali, koma ndisachedwe nalo. Tinaseka tonse awiri, tikudziwa. Mawu ake tinawamvabe ali kukhonde, akulangiza mwana wake kakankhidwe ka njinga.

Nthawi yanga yoyenda inali itakwana. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti aTiyeni salola kuti ndiyende ndekha, lomwe ndi bodza. Anandigwira mkono, tinatuluka. Tinayenda khonde lonse. Pobwerera anayamba yekha kulankhula.

"Achemwali, ine ndimadziwa kuti china chake chalakwika. Maso amachita chifunga ndikamaluka tizingwe tating'ono. Mapazi amayaka. Ndimangoti ndi kutopa."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Inu muli ndi zanu. Ana akuyang'ana ine." Anaima pazenera. "Amayi ndinawatembenuza ine zaka zitatu. Ndikudziwa m'mene zimakhalira, fungo lake, zilonda zake. Adokotala aja atangotchula za kufa ziwalo, ndinaona bedi lija. Ndinadzifunsa kuti ine adzanditembenuza ndani. Mwana wanga wamkazi asiye sukulu?"

Ndinati, "Amayi sanayezedwe. Achimwene sanayezedwe. Ine ndayezedwa nditagwa kale. Pa tonsefe, ndiwe wekha amene wauzidwa nthawi ilipo."

Analira mwakachetechete, nkhope atalozetsa kuzenera kuti odutsa asaone, ndipo kwa nthawi yoyamba chikulireni ndinamupukuta misozi ine. Kenako anandikalipira kuti ndaima nthawi yaitali, tibwerere kubedi.

Bedi la kumanja alichotsa kale nsalu. Akuti kubwera wina madzulo ano.

Lachisanu, 16 Meyi

Bipi 128 pa 80. Andimasula.

Zopita nazo: asipirini ndi mnzake uja m'mawa, loyera limodzi, lapinki theka, la mafuta madzulo, kapiritsi ka pansi pa lilime kazikhala m'thumba kulikonse ndipita. Osasiya ngakhale ndimve bwino chotani. Kubweranso pakatha masabata awiri. Pa makina ndisabwerere mwezi uno, ndipo ndikadzabwerera ndizidzuka pafupipafupi kuwongola miyendo. Mchere pang'ono, zokazinga ayi. Osanyamula zolemera.

ATiyeni anabwera kudzatsanzika. Anandiyendetsa komaliza mpaka pamasitepe, anandigwira mtsempha, anati ndakhoza. Ndinawathokoza mpaka anachita manyazi.

Kolandirira mankhwala kunali mzere wautali. Mng'ono wanga anandikhazika pabenchi n'kutenga pepala langa kukaima pamzere. Ali pafupi ndi zenera ndinamuona akutsegula chikwama, akufufuza pansi penipeni, n'kutulutsa lake lopindapinda lija. Analiwongola pantchafu n'kupereka onse awiri pamodzi. Ndinayang'ana kumbali kuti asadziwe kuti ndaona.

Anabwera ndi timatumba tiwiri. Anakhala pafupi nane, anawerenga zolembedwa pa kake, anafunsa anamwino odutsa kuti la shuga amwe asanadye kapena atadya. Akuti pamodzi ndi chakudya. La bipi analitulutsa pomwepo n'kuliika pachikhatho. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Kameneka basi?"

"Kameneko."

"Ndimayesa ndi chinthu chachikulu."

Anameza ndi madzi anga. Bambo anali ataima pambali ndi zikwama zonse, poti lero tamukaniza mng'ono wanga kunyamula kanthu. Anatsokomola n'kunena kuti galimoto aimika kunja kwa geti, kutali pang'ono, chifukwa mkati munalibe malo. Malo ndinawaona ine, analipo ambiri. Tinayenda atatu pang'onopang'ono, ine pakati. Dzuwa linandiwawa m'maso, koma chifuwa chinali phee.

Ndikulemba izi ndili kunyumba, pampando wa pakhonde. Mng'ono wanga wangochoka kumene. Akuti Lolemba akayezetsanso bipi, ndipo akamulola tiyamba kuzungulira bwalo la mpira la kuseri kwa sukulu m'mawa uliwonse asanatsegule saluni, ine kamodzi, iye kawiri. Ndamufunsa ngati ali ndi nsapato zoyendera. Akuti abwereka za mwana wake, aikamo mapepala kutsogolo.

Bambo anati iwo zozungulira bwalo ngati ana a sukulu sangachite, anthu angawaseke. Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi ndinawamva akuitana ali kuchipinda.

"Mayi, mwati muzinyamuka nthawi yanji?"